Munthu Wachisanu ndi Chimodzi

Tinakwera sitima ya usiku kuchoka ku Wales,
amuna asanu ndi anayi m'chipinda chimodzi,
nsapato zaminga zitakulungidwa m'nyuzipepala
ngati nsomba za pamsika.
Ine Idwal Probert, wokumba malasha,
ndinapempha masiku awiri kwa kapitawo.
Iye anati: pita, koma malipiro sakudikira.

Ku Scotland kunacha monyinyirika.
Bwalo linali la mjaha wa mahatchi,
koma njira yathu inatulukira chipata chakuseri,
kudutsa munda wogaula dzana,
mpanda wamiyala, khwawa la madzi oluma mafupa,
kenaka chitunda chimene mapu anatibisira.

Mkulu Gethin, mphunzitsi wathu,
anatigwira paphewa mmodzimmodzi.
Atafika pa ine anati:
"Amawerenga anthu asanu ndi mmodzi, Idwal.
Woyamba amujambula.
Wachisanu ndi chimodzi ndiye amatseka chitseko."

Mfuti inalira.
Malaya oyera, obiriwira, abuluu, ofiira athuwa,
tinakhamukira pachipata ngati ng'ombe zogona ndi ludzu,
ndipo asanathe mamailosi awiri
matope anativeka yunifolomu imodzi tonse.

Tikuzungulira kachitatu
munda unandilanda nsapato.
Unaimeza osatafuna.
Ndinacheuka kamodzi kokha:
thukuta la milungu iwiri pansi pa nthaka ya eni.
Kuyambira apo phazi lamanzere
linayamba kuwerenga miyala ya dziko lino,
umodziumodzi, mosalumpha.

Patsogolo panga panali Mfalansa wamfupi,
khosi psuu, akupuma ngati mvukuto woboola.
Anzake pampanda ankakuwa: Anselme! Anselme!
akumuonetsa zala zisanu ndi chimodzi.
Ndinaseka, ngakhale mpweya wosekera ndinalibe.
Nayenso anamutuma kukatseka chitseko.

Kutali uko khamu linaphulika,
zipewa m'mwamba, lipenga, m'manja.
Wina anali atapambana kale.
Ife tinali tidakali kumunda,
awiriwiri,
ndi akhwangwala otiyang'ana ngati tachedwa kufa.

Pachitunda ndinamupitirira.
Potsetsereka anandipitirira.
Pakhwawa tinagwa tonse,
tinadzuka tikutukwana, aliyense m'chinenero cha mayi wake,
ndipo tinamvana bwinobwino.

Polowanso m'bwalo
anthu anali atayamba kale kupita kukamwa tiyi.
Panatsala kalaliki, buku lake litanyowa,
galu wa munthu wina,
ndi Gethin, chipewa chili m'manja, osatulutsa mawu.
Ndinathamanga monga sindinathamangepo.
Magazi a phazi ankalemba pa udzu
mawu amene mvula inkafufuta pomwepo.

Anandiposa ndi chifuwa.
Chifuwa chokha.
Iye makumi anayi ndi chimodzi, ine makumi anayi ndi ziwiri.
Kalaliki ananyambita pensulo, anaphatikiza, anabwereza,
ndipo dziko langa linagona kumapeto
ndi pointi imodzi.

Tinasambira m'khola la mahatchi,
m'mabafa amalata, madzi atafiira ndi amene anatitsogolera.
Anselme anabwera atavala chikhoti chobwereka,
anagwada, anaona phazi langa, anapukusa mutu,
anang'amba malaya ake abuluu aja
nandimanga nawo, kolimba, ngati wozolowera.
Sitinalankhule. Tikanalankhula chiyani?
M'zikhadabo zake munali mwakuda,
kuda kumene sopo sachotsa.
Ndinamuonetsa zanga.

Lolemba ndinatsikira mumgodi ndikutsimphina.
Mwawina? anafunsa anzanga mumdima.
Ndinati: tinamaliza tonse.

Papita zaka makumi anayi.
Dzina la wopambana tsiku lija landithawa,
koma mawondo akukumbukira chitunda chija
nthawi iliyonse kukazizira.
Nsapato yakumanja ili pamsomali kuseri kwa chitseko,
muli kansanza kabuluu.
Adzukulu amafunsa kumene kuli inzake.
Ndimati ikadali ku Scotland, pansi pa tirigu,
zingwe zikadali zomanga,
mphuno yake yaloza kuchitunda.